Mtengo wa Mbira pa Limbuli

Ndimafika pa Limbuli mame asanaume pa tiyi,
katoni yoboola ndi msomali ili pakaliyala,
m'katimo mbira zisanu ndi ziwiri zikung'ung'udza
ngati anthu pamzere wa kuchipatala.

Amandifunsa: zingati?
Funsolo ndi lalifupi, yankho lili m'kope la masamu
limene Fales anasiya ndi masamba asanu osalemba.
Ndalembamo madeya. Ndalembamo sefa wa khola
amene ndinatenga pangongole kwa mwenye.
Ndalembamo udzu wa m'mbali mwa Muloza
womweta ndi chikwakwa chobwereka.
Sindinalembemo usiku uja ndinagona pakhonde
kudikira likongwe ndi chibonga m'manja.
Tulo totayika sindidziwa kuti amagulitsa bwanji.

A Khoviwa, oyandikana nane benchi,
amagulitsa zazimuna ziwiri n'kumati ndi banja.
Akuti ukapatsa munthu yaikazi wadzikumbira dzenje,
mvula isanagwe adzakhala pambali pako ndi katoni yake.
Wa galimoto ya ku esiteti amamutchulira zikwi zisanu ndi zitatu,
wa patapata zikwi zitatu,
mbira yomweyo, ndevu zomwezo.
Ndimaseka nawo.
Inenso maso anga amayambira ku nsapato.

Koma mlandu wanga ndi wina.

Kunali kamodzi kamawanga, kofiira khutu limodzi,
kobadwa kwa mlongo ndi mchimwene wake
chifukwa ndinachita ulesi kugawa khola.
Kankayetsemula. Diso lamanzere linkamata manthongo.
M'mawa umenewo ndinakapukuta ndi kansalu konyowa
n'kukaika pakati pa tonenepa kuti kabisale.

Kunabwera mtsikana, Dailesi, wa sitandade faifi,
ndalama atamanga pakona ya mpango,
zofewa, zonunkha mafuta a zitumbuwa.
Sankafuna ya ndiwo.
Anati: ndikufuna yoti ndizicheza nayo,
amayi amaweruka kwada kothyola tiyi.
Anasuzumira m'katoni. Kaja kanamuyang'ana ndi diso labwinolo.
Analoza komweko.
Ndinatsegula pakamwa,
fizi ya Fales inandigwira lilime.
Ndinati: wasankha bwino.

Tsiku la msika lotsatira anabwera ndi katoni yopanda kanthu.
Sanafunse za ndalama. Sanalire.
Anangoti: kodi ndinalakwitsa pati?
Ndinkakapatsa masamba a mbatata monga munanenera,
usiku ndinkakafunditsa ndi juzi yanga.

Bwenzi atanditukwana.
Chitonzo ndimachidziwa, ndimachilandira ndi mutu woweramira,
koma mwana ameneyu anasenza mlandu wanga
ulendo wonse kuchokera kwa Maliera
n'kumauyesa wake.

Ndinamuuza. Msika wonse ukusokosera,
ogulitsa chinanazi akuimbira makasitomala,
ndinamuuza kuti kanali kodwala kale, ndipo ndinkadziwa.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Kenaka ndinamuikira ziwiri, zonse zazikazi, zamaso owala,
pakuti mbira ikakhala yokha imasiya kudya.
Anazitembenuza yekha, n'kuyang'ana m'maso ndi m'mphuno,
ngati munthu amene waphunzira kuti akulu amanama.
Sanathokoze. Ankayenera kutero ngati?

A Khoviwa anati: mwapenga, achimwene,
chifundo chinapha nkhwali.

Usiku ndinatsegula kope.
Kuli mzere wa zolowa, kuli mzere wa zotuluka,
ziwirizo sindinadziwe pozilemba.
Ndinangoti: Dailesi, 2,
m'mphepete, pamene aphunzitsi ankachonga.

Khola ndinagawa ndi matabwa a bokosi la sopo.
Yaikazi yaikulu, imene yandiberekera kasanu osapuma,
ndaipatsa tchuthi, ngakhale kope likudandaula.
Toyamwa sinditenganso, ngakhale ndi tomwe timakopa ana.

Musandiyese woyera.
Dzulo anabwera bambo wa nsapato zopolisha
ndipo mtengo unakwera wokha pakamwa panga.

Koma kunyumba, kuseri kwa mtsuko,
kuli kena koyetsemula
kamene sikadzaona msika wa Limbuli.
Kamadya madeya anga kwaulere,
kakamva mawilo a njinga kamalira
ngati ndili nako ngongole.